Kompyuta ya Pasikelo ku Kaluluma

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti mayi wanu, amene sanapondeko ku koleji, azitchedwa mayi wa makompyuta kuyambira pa Boma mpaka ku Kaluluma. Poti tsopano ndapuma ndipo nthawi ndili nayo, ndilembe zomwe ndikukumbukira. Za ubwana wanga munazimva kale kwa amalume anu, ndiye ndiyambire pa ntchito.

Zaka za taipilaita, pa Kasungu Boma

Ntchito yanga yoyamba inali yotaipa makalata ku ofesi ya bungwe lina la alimi ang'onoang'ono a fodya. Bungwelo linkathandiza alimi kupeza mbewu ndi feteleza, kuyeza mabelo awo ndi kuwatumiza ku okushoni. Bwana wanga woyamba, a Mwale, anali munthu wa tayi ngakhale mu Okutobala. Akapeza chilembo chimodzi cholakwika ankabweza kalata yonse, osakalipa ayi, kungoti, "Nambewe, tayambiraninso." Nthawi imeneyo ndinkang'ung'udza, koma zala zanga zinakhwimira pamenepo.

Makompyuta oyamba anabwera pa lole, ogwiritsidwa kale ntchito kunja, ena akadali ndi zomata za masukulu a kumene anachokera. Ofesi yonse inawazungulira koma panalibe wofuna kuwagwira. A Mwale anayang'ana kiyibodi, n'kuyang'ana taipilaita yanga, n'kunena kuti, "Izi ndi zanu izi." Ananditumiza ku kosi yaifupi ku Lilongwe. Kumeneko ndinaphunzira kuyatsa, kuzimitsa, kusunga zolemba pa diski, komanso kuti m'kompyuta iliyonse muli pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa zina zonse. Yathuyo poyaka inkaonetsa mitambo, ndiye tinkangoitchula kuti ya mitambo. Zotsalazo ndinaziphunzira mwa kulakwitsa ndi kufunsa.

Chaka cha makuponi oyamba, ku Kaluluma

Chaka chomwe makuponi a feteleza anayamba, anandisamutsira ku depoti yathu ya ku Kaluluma. Mwamwayi bambo anu anapatsidwa malo ophunzitsa pa sukulu ya pafupi, ndipo iwe Tadala unali utangoyamba sitandade wanu. Depotiyo inali shedi yaikulu ya malata ndi kaofesi kapadera kuseri kwake. Nyengo ya fodya munkadzaza mabelo mpaka kudenga. Mvula ikayandikira munkadzaza matumba a feteleza, kunja kuli mzere wa anthu ogwira makuponi awo ngati mwana wakhanda.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi a Gondwe, kalaliki wa pasikelo. Anali aakulu kwa ine kutali, mkulu wa mpingo, wochokera chakumpoto kwa dera lathu, ndipo Chichewa chawo chinali ndi kamvekedwe ka Chitumbuka. M'mawa uliwonse ankatsamiritsa njinga yawo pakhoma n'kunena kuti, "Monire mama," ngakhale kuti ndinali msinkhu wa mwana wawo woyamba. Kompyuta ya pasikelo inali yawo. Pulogalamu yoyezera inali yakale kuposa ya mitambo yomwe inkainyamula: sikirini yabuluu, zilembo zoyera, mausi osafunika. Waya wonenepa unkachokera ku sikelo n'kulowa kumbuyo kwa kompyuta, ndipo kulemera kwa belo kunkabwera kokha. Iwo ankangofunsa mlimi nambala yake, n'kuitaipa pamodzi ndi giredi ya fodyayo, pirinta n'kulira, kapepala n'kutuluka.

Vuto linali kunyamula zomwe ayeza kupita nazo ku ofesi. Tinkagwiritsa ntchito tidiski tija tamakona anayi, koma fumbi la fodya linkatipha msanga. Ukafika ku ofesi, kompyuta inkangoti singathe kuwerenga, ndiye ubwererenso ku shedi. Nditatopa nazo ndinapempha kuti andigulire waya wa netiweki pa Boma. Bambo anu anakwera kudenga Loweruka lina n'kuudutsitsa pansi pa malata. Makoswe anaudula mwezi usanathe. Kachiwiri tinaulowetsa m'paipi yapulasitiki ya madzi, ndipo unakhalitsa.

Kulumikiza waya kunali kosavuta. Chovuta chinali kuti makompyutawo adziwane. Iliyonse inafunika dzina lake, nambala yake, ndiponso dzina limodzi la gulu lofanana kwa onse. Ndinayesa, ndinalakwitsa, ndinayesanso, mpaka tsiku lina masana dzina la kompyuta ya pasikelo linatulukira pa sikirini ya mu ofesi. Ndinathamanga kukawaitana a Gondwe. Anaima kumbuyo kwanga n'kumaona mabelo omwe anayeza m'mawa womwewo ali pamenepo.

"Ndiye kuti zikuyankhulana?" anafunsa.

"Zikuyankhulana, bambo."

"Chichewa kapena Chitumbuka?"

"Sindinazifunse."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo tinakhala ngati bambo ndi mwana wake. Lachisanu lililonse ankabweretsa pampu ya njinga, ine n'kutsegula makompyuta, iwo n'kumapopera fumbi. Riboni ya pirinta ikauma ndipo ina kulibe, tinkaidonthezera mafuta a makina osokera kuti ilembeko pang'ono. Magetsi akazima tinkalizitsa jenereta, ndipo m'shedi munkachita phokoso loti munthu ankafunika kukweza mawu.

Zaka za makompyuta atsopano

Patapita nyengo zingapo tinalandira bwana watsopano, a Kachingwe, wachinyamata wophunzira bwino za ulimi, wofulumira pa chilichonse koma wopanda nkhanza. Anabwera ndi makompyuta atsopano a mu ofesi. Amenewa poyaka ankaonetsa kaphiri kobiriwira, ndiye anakhala a kaphiri. Titawalumikiza, ya pasikelo inasowa pa netiweki. Atsopanowo ankaonana okhaokha, yakaleyo osaiona. Kuika yatsopano pasikelo kunalinso kosatheka, chifukwa kumbuyo kwake kunalibe bowo lolowetsapo waya wonenepa uja. Ndinaimbira a ku likulu la bungwe ku Lilongwe. Anandiyankha mwaulemu kuti zinthu zakalezo anasiya kuzisamalira, ndipo njira ndi kugula sikelo yatsopano. Ndalama yake panalibe.

Safunsa anadya phula. Pa Boma panali patatsegulidwa malo olipira intaneti, ndipo mayi woyang'anira pamenepo anandionetsa tsamba lina pomwe anthu a m'mayiko osiyanasiyana ankafunsana za makompyuta akale. Loweruka ndinkakwera minibasi, n'kukalemba funso langa m'Chingerezi changa cha fomu folo, Loweruka linalo n'kukaona mayankho. Ambiri ankangodabwa kuti padziko pakadali munthu wogwiritsa ntchito ya mitambo. Ena ankati ndiitaye. Koma panali bambo wina wachikulire, amene anandiuza kuti anapuma ntchito ndipo kwawo kukugwa chisanu. Iye sanadabwe chilichonse. Ankangofunsa kuti, mukadina apa ikulemba chiyani? Ndilembereni mawu ake enieni.

Bambo ameneyu ndi amene anandiphunzitsa kuti yakale ndi yatsopano zinali ndi mayina a gulu osiyana, kuti yakaleyo inali ndi njira ziwiri zoyankhulira pa waya ndipo ndichotse imodzi yomwe yatsopano sinkaimva, komanso kuti yatsopanoyo silandira mlendo amene dzina lake sinalilembe, choncho ndilembe dzina lomwelo mbali zonse ziwiri. Ndinachita zimenezo chimodzichimodzi, ndipo zinatheka. Nditamuuza za sikelo, anati pali kawaya kakafupi kokhala ndi mitu iwiri yosiyana, mbali ina kolandira waya wakale, mbali ina kolowa m'bowo la flashi. A Kachingwe anatuma munthu kuti akakafufuze ku Lilongwe. Kanatenga nthawi kuti kapezeke.

Chaka chosowa mafuta

Mukukumbukira chaka chija magalimoto ankagona pa mizere ya mafuta. Chaka chimenecho a ku likulu anatumiza pulogalamu yatsopano yoyezera fodya, yoyendera pa makompyuta a kaphiri okha, yofunika mausi pa chilichonse. A Kachingwe anandiuza kuti ndiyambe kuwaphunzitsa a Gondwe nthawi ya nkhomaliro, kuti kawaya kakafika tisachedwe.

Tinakhala awiri mu ofesi. Ndinawagwiritsa mausi n'kuwauza kuti asunthe kamuvi kafike pa bokosi la nambala ya mlimi. Anasuntha dzanja uku ndi uku.

"Kamuviko kali pati, mama?"

Ndinaloza. Anayandikitsa nkhope mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Ndinakulitsa kamuviko, ndinakulitsanso zilembo mpaka pomwe kompyuta inkalolera. Anayesabe, kenako anachotsa dzanja pa mausi n'kuliika pa bondo. Apo ndi pamene ndinakumbukira kuti kwa miyezi ingapo ankabwera akukankha njinga m'malo moikwera. Ine ndinkati ndi maondo.

"Bambo, maso ali bwanji?"

"Ndimaona ngati chifunga cha mu Juni," anatero. "Chinayamba ndi la kumanzere. Tsopano onse. Inu ndimakudziwirani mawu ndi mayendedwe."

"Nanga pasikelo mumachita bwanji?"

"Yakale ija ili m'zala. Sindifunika kuiyang'ana." Anatembenukira komwe ndinali. "Zaka zanga zopumira zayandikira, mama. Mwana wanga wotsiriza ali ku sekondale. Musawauze abwana. Ndikupemphani."

Ndinawauza kuti ndamva. Sindinalonjeze, koma iwo anamva ngati ndalonjeza.

Posakhalitsa kawaya kanafika. Ndinakayesa ndekha Loweruka, shedi ili yotseka. Ndinatenga kompyuta ya kaphiri, kuilumikiza ku sikelo, kuika kapulogalamu kake komwe kanabwera pa sidi, n'kukwera ndekha pa sikelopo. Kulemera kwanga kunatuluka pa sikirini. Zaka zonsezi ndikakonza chinthu ndinkasangalala, koma tsiku limenelo ndinatsika pa sikelo n'kungokhala pa belo. Panalibenso chifukwa chosungira kompyuta yakale, ndipo wodziwa zimenezo ndinali ine ndekha. Ndikanati kawaya kakana, palibe akanatsutsa. Ndinakaika m'chikwama changa. A Kachingwe atafunsa, ndinawapempha kuti andipatse nthawi mpaka nyengo ya fodya ithe, ndipo anavomera poti kusintha zinthu pakati pa nyengo kunkawaopsa iwonso.

Nyengo isanathe zinachitika zomwe ndinkaopa. Kunali mayi wina wamasiye, a Nachisale, amene ankalima kamunda ka fodya ndi ana awo kutali ndi msewu. Tsiku lomwe anabweretsa mabelo awo magetsi anali atazima, jenereta ikulira. Anatchula nambala yawo, a Gondwe anamva ina, ndipo kapepala katatuluka sanathe kukawerenga kuti aone dzina. Mayiwo naonso sankadziwa kuwerenga. Fodya wawo anapita ku okushoni m'dzina la munthu wina. Pomwe zinadziwika anali atagulitsidwa kale. Tinazikonza, inde, koma ndi mafoni ovuta ndi magalimoto osayenda zinatenga miyezi. Feteleza wa makuponi atafika, mayiwo kuponi anali nayo koma cholipirira analibe, ndipo pomwe ndalama zawo zinatuluka matumba anali atatha. Ndinawaona atakhala pakhonde la shedi, kuponi ili m'manja, kumwamba kutachita mdima wa mvula yoyamba. Sanakalipire munthu. Anangondifunsa kuti, "Ndiye ndidzale choncho, amayi?"

Ndinawafotokozera bambo anu nkhani yonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Amake Tadala, a Gondwe ali ndi inu wowamvera chisoni. Mayi ujayo ali ndi ndani?"

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinapita kunyumba kwa a Gondwe. Akazi awo, a Nyachirwa, ananditsogolera pansi pa mtengo wa mango pomwe bamboyo anakhala. Titalonjerana ndinatulutsa kawaya kaja n'kukaika m'manja mwawo. Anakapapasa mutu uwu, n'kupapasa mutu winawo.

"Kagwira?" anafunsa.

"Kagwira, bambo. Kanagwira kalekale."

"Kanthu kakang'ono chonchi."

"Sindikupita kwa abwana kuseri kwanu," ndinatero. "Koma sindingawauze kuti kakana. Ndipo ngakhale yakale ija itakhala, za a Nachisale zichitikanso. Tiyeni tipite limodzi mawa, mukanene nokha."

"Ndalakwitsa kamodzi kokha zaka zonsezi."

"Kamodzi komwe tadziwa, bambo."

Mawu amenewo anawapweteka, ndinaona. A Nyachirwa, amene anakhala pa mphasa chapatali, anayankhula osakweza mutu. "Auzeni, mama. Ine ndayankhula ndatopa. Sabata yatha anagwera m'ngalande ya kudimba. Kuchipatala akukana, akuti anthu a kuntchito amva."

A Gondwe anandibwezera kawayako. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero motsitsa. "Inu mukuti ndimutaye, ndidikire wa m'mphepo." Kenako anati, "Pitani bwino, mama." Sanadzuke kundiperekeza, chinthu chomwe anali asanachitepo.

M'mawa mwake anabwera atavala jekete la ku tchalitchi. Sanandipatse moni. Analowa mu ofesi ya a Kachingwe, ine pambuyo, ndipo ananena zonse okha, osabisa kanthu, osanditchula n'komwe. A Kachingwe anavula magalasi awo. Kenako anati, "Bambo, mukanandiuza kale." Tsiku lomwelo anawatengera ku chipatala ndi mafuta ochepa omwe anatsala m'galimoto ya ofesi. Kumeneko anati ndi ng'ala, diso limodzi lawonongeka kale ndi vuto linanso, koma linalo lingathe kuchira madokotala a maso akadzabwera. Madokotalawo anali atasiya kuyendera zipatala za kumidzi chifukwa cha mafuta omwewo.

A Kachingwe anayesetsa. Anapempha kuti a Gondwe awasunthire ku ntchito yoyang'anira onyamula mabelo mpaka zaka zawo zikwane. A ku likulu anakana, n'kuwapumitsa pa chifukwa cha matenda. Zoyenera zawo anawapatsa zonse, ndipo mwana uja sukulu sanasiye, ngakhale zinali zothina. Koma ntchito inapita. Ine ndinazimitsa kompyuta yakale, kuipukuta, n'kuiika mu sitolo.

A Gondwe sanawakwiyire a Kachingwe. Anakwiyira ine. Tikakumana pa msika, mkazi wawo atawagwira dzanja, ndinkapereka moni, iwo n'kuyankha mawu amodzi nkhope ili kumbali. Ku tchalitchi kwawo kunamveka zoti mayi wa makompyuta wachotsetsa ntchito mkulu wa mpingo kuti alowetse makina ake. Azimayi ena anasiya kundiitana ku zinkhoswe. Iwe Tadala unabwera tsiku lina kuchokera ku sukulu n'kundifunsa ngati zinali zoona, ndipo ndinakuuza kuti udzamva ukadzakula. Ndi izi ukuwerengazi. Ndinalemberanso bambo wa pa intaneti uja kumuthokoza kuti kawaya kagwira. Anayankha kuti wasangalala kwambiri. Zinazo sindinamuuze, poti analibe nazo mlandu.

Chaka chotsatira

Mafuta atayambanso kupezeka, madokotala a maso anafika pa chipatala cha mishoni. Ndinamva kwa anthu kuti a Gondwe anali m'gulu la omwe anachitidwa opaleshoni, koma sindinapite kukawaona. Ndinkaopa kuwasokoneza mtima akudwala.

Tsiku lina m'nyengo ya fodya ndinali pasikelo, ndikuthandiza mayi amene analowa m'malo mwa a Gondwe. Shedi inali yodzaza, alimi atakhala pa mabelo awo kudikira. Ndinamva anthu akupereka moni chakukhomo, ndipo nditatembenuka ndinaona a Gondwe akubwera okha, opanda wowagwira dzanja, akulambalala mabelo bwinobwino. Anavala magalasi ochindikala. Anafika pa sikelo, n'kuwerama pang'ono, n'kuwerenga mokweza dzina la mlimi lomwe linali pa sikirini. Mlimiyo anavomera kuti ndi iyeyo.

Kenako anatembenukira kwa ine n'kundiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinachita manyazi.

"Mama Nambewe," anatero, "imvi izi zinayamba liti? Palibe anandiuza."

"Zinayamba chaka chatha, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ine nthawi yonseyi ndimakwiyira kamtsikana," anatero. "Sindimadziwa kuti ndi munthu wamkulu."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kupeza belo lomwe panalibe munthu, n'kukhalapo. Anasunthira kumapeto kwake kuti patsale malo, n'kumenya pamenepo ndi chikhatho. Ndinamuuza mnzanga uja kuti apitirize kuyeza, ndipo ndinakakhala nawo.